Malangizo: Tikonzekeretu Madzi Asanasefukire

Malangizowa ndi anu nonse, makamaka inu a ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi okhala m'tsinde mwa phiri la Soche. Namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa kuti matope otsika m'phiri sadikira kuti kuche.

Choncho konzekeranitu. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi mankhwala mangani m'jumbo, muike pafupi ndi khomo pamodzi ndi tochi. Mafumu athu, gwirizanani ndi anthu anu za malo okwera othawirako, komanso amene adzathandize okalamba ndi aulumali.

Mukamva chenjezo la azanyengo kapena a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, samukani kusanade. Musawoloke mtsinje wodzadza, chifukwa madzi othamanga olekeza m'mawondo amakokolola ndi wamkulu yemwe. Madzi akumwa wiritsani kapena thirani klorini, kupewa kolera.

Uthengawu mukauzeko anansi anu lero lomwe.