Phunziro 14: Kusankha Atsogoleri Mosakayika

Kuwerenga: Eksodo 18:13-26 ndi Genesis 25:29-34
Vesi loloweza: Eksodo 18:21
Cholinga: Kuti ana adziwe muyeso umene Mkhristu ayesera nao munthu wofuna utsogoleri.

MAU KWA MPHUNZITSI

Ana amene muli nao sanafike pa msinkhu woponya voti, pakuti lamulo lilola munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo. Koma zaka sizichedwa, ndipo kuongola mtengo ndi pamene uli waung'ono. Inunso aphunzitsi phunziroli likukhudzani, chifukwa ambiri a ife tifika pa mzere wa chisankho mitima ili iwiri. Chenjerani, musatchule dzina la chipani m'kalasi. Ntchito yanu ndiyo kupatsa ana muyeso, osati kuwasankhira munthu.

NKHANI YA M'BAIBULO

Mose anali kuweruza milandu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Yetero, mpongozi wake, ataona ichi anamlangiza kuti asankhe anthu omthandiza, namuuza zoyenera kuyang'ana: akhale odziwa ntchito, olemekeza Mulungu, onena zoona, ndi okana ziphuphu. Onetsani ana kuti Yetero sanatchulepo za chuma, chibale kapena kukometsa pakamwa.

Pamenepo fotokozani za Esau, amene anagulitsa ukulu wake ndi chakudya cha tsiku limodzi. Njala inatha madzulo omwewo, koma ukulu sunabwererenso.

KUTANTHAUZIRA

Yambani ndi chimene ana a ku Ngara achidziwa bwino. Mwini chilimira akafuna siginala, munthu wonyamula nyali m'bwato usiku, safunsa kuti ndi mwana wa yani. Afunsa ngati adziwa nyanja, ngati adziwa kumene usipa uli, ndiponso ngati sagulitsa nsomba kumbali. Akasankha molakwa, alovi onse abwerera chimanjamanja. Momwemonso posankha pulezidenti, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ndi khansala, kulakwa kwa tsiku limodzi kuvutitsa mudzi zaka zisanu.

Ana adziwenso kuti ufulu wosankhawu sunabwere mwaulere. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula zoipa za ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo mipingo ina, pamodzi ndi atsogoleri a CCAP, inagwirizana nao. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, nyali nipambana, ndipo pa 17 Meyi 1994 kunachitika chisankho cha zipani zambiri.

Ena amati, voti yanga imodzi ipindulanji, popeza akuluakulu amabera? Ayankheni ndi mbiri. Chisankho cha pulezidenti cha mu 2019 chinathetsedwa ndi khothi pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa cha zolakwa zambiri, monga kufafaniza manambala ndi Tipp-Ex, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse. Chomwecho voti iliyonse iwerengedwa.

Tsono Mkhristu achite izi. Choyamba, alembetse m'kaundula nthawi ikadalipo. Chachiwiri, amvere onse opikisana, nayerekeze malonjezo ao ndi ntchito zimene anachita kale pa sukulu, pa chipatala, pa mjigo ndi pa msika. Chachitatu, akane kugulidwa ndi chitenje, sopo kapena ndalama. Lamulo la zipani la mu 2018 liletsa mphatso zokopera mavoti, ndipo wolandira afanana ndi Esau. Chachinai, apemphere, nakumbukire kuti voti ndi yachinsinsi. Mfumu, abusa, mwamuna wake kapena mwini bwato alibe mphamvu ya kuona pamene iye wachonga. Munthu amene wayesa ndi muyeso wa Yetero sanjenjemera m'kachipinda kovotera.

NTCHITO YA ANA

Ana asankhe mmodzi wosunga mabuku a nyimbo a kalasi. Lembani zinthu zinai za Yetero pa bolodi. Mwana aliyense alembe dzina pa kapepala mobisa, ndipo muwerenge mapepalawo pamaso pa onse. Osapambana agwire chanza wopambana.

MAFUNSO

1. Kodi Yetero anatchula zinthu ziti zinai?
2. Esau anataya chiani, ndipo analandira chiani?
3. Mungayankhe bwanji munthu wonena kuti, "Sankhani uyu chifukwa ndi wa kwathu"?

PEMPHERO

Tsirizani ndi kupempherera dziko la Malawi, atsogoleri ake, ndi onse ogwira ntchito ya chisankho, kuti Mulungu awapatse mtima woona ndi manja oyera.