Kwa Anyamata a ku Chitipa Otsikira ku Nyanja

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ndalama za khofi wa ku Misuku zisanafike, anyamata ambiri amakwera galimoto pa boma la Chitipa kulowera ku Karonga. Ena amakaoda usipa wouma woti adzagulitse ku Kameme, ku Wenya kapena ku Nthalire, ndipo amenewo ndilibe nawo mawu lero. Mawu anga ali pa inu amene mwamva kuti ku Kaporo, ku Ngara kapena ku Chilumba eni maboti akufuna anthu okoka ukonde wa chilimira, ndipo mwaŵerengera kale kuti pomadzafika dzinja mudzakhala mutagula malata. Ntchito imeneyi ndinaigwirako ndili msinkhu wanuwo. Choyamba dziŵani kuti miyezi imene mumatsikayo, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo miyezi ya mwera.

Ife a kumapiri madzi timawadziŵa mwa mtundu wina. Mitsinje ya Songwe, Kaseye ndi Lufira ikadzaza, munthu umaima pamtunda n'kudikira kuti itsike, ndipo tsidya lina umaliona. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo malo ena ndi yakuya kupitirira mamita 700. Mwera umachokera kummwera chakum'maŵa n'kumaomba motsata utali wa nyanjayo. Funde limakula malinga ndi mtunda umene mphepo yalikankha, choncho kamphepo kamene ku Mangochi kakungogwedeza bango kamafika kumpoto kuno katautsa mapiri a madzi. Kuipa kwa mafunde amenewa si kutalika kokha. Ndi ofupikirana komanso otsetsereka kwambiri, moti boti lisanamalize kutsika funde loyamba, lachiŵiri lafika kale pamutu pake.

Musati zimenezi zimaopsa mabwato okha. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inakumana ndi namondwe chakufupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo inagudubuzika n'kumira. Anthu 145 anafa tsiku limenelo. Ambiri odziŵa za sitima amati inali yolemera kumwamba kusiyana ndi kunsi. Sitima ya Ilala imene inayamba kuyenda mu 1951 yakhala panyanjapo zaka zonsezi, koma nayonso mwera ukakula imachedwa pamadoko. Ngati oyendetsa sitima amadikira, nanga inu muli m'boti la matabwa la injini imodzi mukuthamangira chiyani?

Mukakwera boti, yang'anitsitsani zimene woyendetsa injini akuchita, chifukwa moyo wanu uli m'dzanja lake lamanzerelo. Woyendetsa wodziŵa salola funde kumenya boti cham'mbali. Amalozetsa mutu wa boti kumene mafunde akuchokera, koma mopendeketsa pang'ono, kuti boti likwere funde mokhotera m'malo moligunda maso ndi maso. Pokwera amawonjezera moto pang'ono, akafika pamwamba amauchepetsa kuti boti litsike mofatsa. Amene amangokoka moto wonse amaulutsa boti n'kuligwetsa pamimba, ndipo kugwa kotero ndiko kumamasula misomali ndi kutsegula mipata ya matabwa. Mukaona kuti doko lanu lili kumanja koma woyendetsa akuloŵera kwina, musamufunse ngati wasokera. Akupeŵa kuika nthiti za boti ku mafunde, ndipo adzakhota pamene waona kampata pakati pa mafunde akuluakulu. Mafunde sabwera ofanana: pamadutsa angapo aakulu, kenako angapo ocheperako. Kukhota kumachitika pa ocheperawo, msangamsanga.

Chimene chimanyenga alendo n'chakuti kubwerera kumtunda mafunde ali kumbuyo kumamveka bwino m'thupi. Boti siligunda, madzi sakuwaza kumaso, ndipo anthu amayamba nthabwala. Pamenepo ndiye pali ngozi yaikulu. Funde likanyamula kumbuyo kwa boti, injini imatha kutuluka m'madzi, boti limatsetsereka mothamanga, mutu wake n'kukazika m'funde lakutsogolo, ndipo kumbuyo kumapotokera m'mbali. Kanthaŵi kochepa boti lagona chopingasa, funde lotsatira n'kuliphimba. Woyendetsa wabwino amakhala pamsana pa funde, osalipitirira komanso osalola lakumbuyo kumupeza, maso ake akuyang'ana kumbuyo kaŵirikaŵiri kuposa kutsogolo.

Inu monga watsopano adzakupatsani chigubu chodula kuti muzikapa madzi. Anyamata ambiri amaiona ngati ntchito ya mwana. Ayi ndithu. Madzi oloŵa m'boti sakhala malo amodzi. Boti likapendekera kumanzere, onse amathamangira kumanzere n'kuwonjezera kupendekako, ndipo boti limene likanadzuka lokha limalephera kudzuka. Madzi ofika m'kakolo mokha pansi pa boti lonse ndi katundu wolemera kuposa anthu angapo, katundu woyenda yekha. Yambani kukapa asanachuluke, ndipo musaleke chifukwa choti mkono watopa kapena mwayamba kusanza. Sanzani mukukapa. Chigubucho chimangirireni ndi chingwe, chifukwa funde likachitenga mudzakapa ndi zipewa.

Mukhale pansi, pakati, pamene akuuzani. Funde lalikulu likamabwera thupi limafuna kudzuka n'kuthaŵira mbali ina, ndipo anthu atatu akatero nthaŵi imodzi, agudubuza boti okha mphepo isanachite kalikonse. Bwato losema ndiye silikhululuka n'komwe. Pansi pake ndi pozungulira, kamwa lake n'lopapatiza, ndipo ana a m'mbali mwa nyanja amene mumawaona atakhala pamphepete pake akupalasa ndi nkhafi anayamba zimenezo asanayambe sukulu. Siginala amene amakhala yekha m'bwato usiku ndi nyali zoitanira usipa amalandira gawo lokulirapo, koma musasirire malo ake chaka choyamba.

Usiku wina mudzapha usipa wambiri, ndipo usiku umenewo ndi umene ndimauopa. Ukonde wonyowa ndi wolemera kale. Onjezanipo nsomba, anthu, mafuta, mabatire a nyali, ndipo mudzapeza kuti mphepete mwa boti mwatsala chikhatho chimodzi kuti mukhudze madzi. Nyanja ili bata mukhoza kufika. Mphepo ikadzuka, nsomba zina ziyenera kubwerera m'madzi, ndipo ziyenera kutayidwa msanga, funde loyamba lisanaloŵe. Mwini boti adzakalipa, mwina adzakudulani gawo lanu. Mulekeni akalipe. Iye anagona kunyumba.

Pofika kumtunda musafulumire kudumpha. Mafunde amasweka pamene madzi ayamba kuchepa, ndipo maboti ambiri amagudubuzika anthu a padoko akuonerera. Akakuuzani kuti tsikani, tsikirani mbali imene mafunde akuchokera. Mukaima pakati pa boti ndi mchenga, funde limodzi likhoza kukuponyerani botilo pamiyendo.

Boti likagubuduka muli pakati, musalisiye. Nyali za ku Karonga zimaoneka pafupi usiku, koma anthu odziŵa kusambira atha mphamvu akuzilondola. Boti la matabwa kaŵirikaŵiri limayandama ngakhale litadzaza, ndipo okufunafunani m'maŵa adzaona boti msanga kusiyana ndi mutu wa munthu. Mwera umakankhira kumpoto, kotero ena amakapezeka cha ku Songwe kapena mbali ya Tanzania. Vulani magambuti ndi chijekete cholemera chija timavala m'chisanu cha kwathu, chifukwa chikamwa madzi chimakoka munthu pansi. Ngati mwini boti alibe majekete oyandamitsa, ndipo ambiri alibe, pezani chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chokhala ndi chitsekero chabwino, muchimange chingwe, chikhale pafupi ndi mwendo wanu. Akuseka aseke.

Mwera uli ndi ubwino umodzi: umachenjeza. Kumazizira, kumwamba kumatuwa, ndipo mafunde aatali amayamba kufika padoko mphepo yeniyeni isanafike. A nthambi yoona za nyengo amalengezanso pa wailesi, ndipo ku Karonga mukhoza kumva pa MBC kapena pa Tuntufye FM. Mpoto wa m'dzinja ndi wina. Umatha kubwera mwadzidzidzi ndi mvula ndi mphezi, nyanja imene inali ngati yogona n'kusanduka thovu lokhalokha. Mukaona akuluakulu a padoko akuyang'ana mitambo yowunjikana pamwamba pa mapiri a tsidya lija la Tanzania n'kusiya maukonde awo pamchenga, inu musakwere boti la munthu amene akuti iye saopa.

Vuto n'lakuti mwera ukaomba masiku angapo, usipa umasoŵa ndipo mtengo umakwera. Ogula amadzaza padoko ndi mabeseni awo, eni maboti amayamba kuŵerengera, ndipo asodzi obadwira pomwepo akakana kupita, amene amatumidwa ndi mlendo wosadziŵa chimene akukana anzakewo. Mlendoyo ndinu. Mwina mwini boti anakukongozani ndalama ya chakudya ndi ya nyumba, ndiye pakamwa panu palemera. Mwinanso anyamata a padoko akhala akukunenani kuti ndinu a kumapiri, oopa madzi, ndipo mukufuna kuwaonetsa. Manyazi ameneŵa ndawaona akukweza m'boti anthu amene mtima wawo unali utakana kale. Nenani tsiku loyamba lomwe kuti simudziŵa kusambira, kuti anzanu adziŵe woyamba kumugwira zinthu zikavuta. Kenako phunzirani, masana, pamadzi ofika m'chiuno, mutafunsa kaye eni malo kumene kuli ng'ona, makamaka chakufupi ndi mathiriro a mitsinje ngati North Rukuru. Paja safunsa anadya phula. Kachasu amene ena amamwa kuti athamangitse chisanu cha usiku musamuyandikire. Amakupatsani kutentha kwabodza n'kukulandani miyendo.

Musanavomere ntchito, liyendereni botilo masana. Onani ngati pansi pake pali madzi pamene langokhala pamchenga kapena pa nangula, ngati muli nkhafi zoti n'kupalasa injini ikazima, ngati muli chingwe chachitali, komanso ngati mafuta amene amanyamula ndi opitira pokha kapena ndi obwerera nawo motsutsana ndi mphepo, pakuti injini imamwa kwambiri ikamalimbana ndi mafunde. Foni muikulunge m'pulasitiki. Kwanu ku Ifumbo kapena ku Chisenga adziŵe dzina la doko ndi la mwini boti.

Ndipo ndalama yokwerera galimoto yobwerera ku Chitipa muipatule tsiku lofika, muisungitse kwa munthu wokhulupirika wa kumtunda, kaya ndi wa kumpingo kwanu kaya ndi mbale wogulitsa mumsika wa Karonga. Mnyamata amene ali ndi ndalama yobwerera kwawo amatha kuuza mwini boti kuti, “Bwana, lero ine sindikwera.”