Makina agwire zobwerezabwereza, maso akhale anu

Achinyamata amene mwangoyamba ntchito ya mu ofesi, ndi inu amene mwatsegula kabizinesi kanu, ntchito imene idzakusowetseni tulo si yachilendo ayi. Yachilendo munthu amaikonzekera. Imene imagwetsa anthu ndi ija yobwera mwezi ndi mwezi: malipiro, msonkho, lendi, kuoda katundu, kulondola angongole. Poti ndi yozolowereka, aliyense amangoti mnzanga waigwira kale.

Taonani mmene zimakhalira mwezi ukamatha pa kampani yaing'ono. Kapitawo amasonkhanitsa masiku ndi maola a ovataimu. Wowerengera ndalama amakonza malipiro, n'kudula msonkho wa PAYE ndi 5 peresenti ya penshoni, kampani n'kuikapo 10 peresenti yake. Bwana amasaina, ndalama n'kupita kubanki kapena ku Airtel Money ndi Mpamba. Nkhani siithera pomwepo. PAYE iyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo kampani yolembetsa VAT imadikiridwa pofika pa 25. Chindapusa sichifunsa ngati munali kumaliro.

Njira zosamalira ntchito yotereyi zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulemba chilichonse pachokha: chikumbutso pa kalendala ya foni, kapepala komata pa kompyuta, mzere umodzi m'buku. Yachiwiri ndi kulumikiza zonse kuti ikatha ina, inzake iyambe yokha. Standing order ya kubanki ndi chitsanzo chakale cha njirayi: tsiku likakwana lendi imapita popanda wolemba cheke. Masiku ano Sage ndi QuickBooks amatha kutumiza invoyisi yomweyo mwezi uliwonse, pamene Zapier ndi Power Automate ya Microsoft amalumikiza mapulogalamu osiyana, moti kasitomala akadzaza fomu, dzina lake limalowa lokha mu Google Sheets, imelo n'kupita kwa wosunga katundu. Ambiri a inu mumathamangira njira yachiwiriyi chifukwa imaoneka yamakono. Ine ndikuti dekhani, pali zoyenera kuyamba.

Choyamba, tulutsani ntchito m'mutu. Gulani kope wamba, lembani mizere inayi pa tsamba lililonse: chimene chimayambitsa ntchitoyo, woigwira, woitsimikizira, ndi umboni woti yatha. Pa malipiro mulembe kuti imayamba kapitawo akapereka masiku, ndipo yatha pamene lisiti ya MRA ili m'fayilo. Mukamalemba mudzatulukira zodabwitsa. Mudzapeza sitepe imene akuidziwa ndi mayi mmodzi yekha amene wakhalitsa pa ofesipo, ndipo akapita kutchuthi zonse zimaima. Mudzapezanso fomu imene imasainidwa kawiri popanda wodziwa chifukwa chake. Ntchito imene simungathe kuifotokoza pa pepala, kompyutanso simungaifotokozere.

Chachiwiri, dziwani kuti si ntchito iliyonse yofuna makina. Laisensi ya bizinesi kukhonsolo imabwera kamodzi pa chaka. Inshuwalansi ya galimoto nayonso imabwera patalipatali. Amaigwira ndi munthu mmodzi, ndipo zofunika zake zimasinthasintha. Ntchito ngati imeneyi chikumbutso chimodzi chokhala ndi dzina la munthu ndi tsiku n'chokwanira. Kuikonzera ndondomeko yodziyendetsa n'kutaya masiku atatu pofuna kupulumutsa ola limodzi.

Koma ntchito ikakhala yodutsa m'manja mwa anthu angapo, yoyenda chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo sitepe ina imadikira inzake, zikumbutso zoima pazokha zimanamiza. Foni ya wowerengera ndalama imalira pa 25 kuti konza malipiro, osadziwa kuti kapitawo sanabweretse masiku. Ya bwana imalira pa 27 kuti saina, pamene palibe choti asaine. Aliyense ali ndi chikumbutso chake, koma palibe akuona pamene ntchito yatsakamira. Apa ndiye pofunika kulumikiza: kapitawo akangotumiza masiku, uthenga ufike wokha kwa wowerengera, iye akamaliza, upite kwa bwana, ntchito ikagona masiku awiri pa desiki ya wina, aliyense aone kuti ili kwa yani. Phindu lalikulu si liwiro lokha. Ndi loti mawu aja akuti "ndimaganiza kuti mwatumiza kale" amatha pa ofesi.

Chachitatu, musapatse makina ntchito yosokonekera. Chigayo chimagaya chimene mwathiramo. Chimanga chosapeta chimatuluka ufa wa mchenga, ndipo chimatuluka msanga. Ngati m'buku la angongole muli mayina olembedwa kawiri, pulogalamu idzatumiza mameseji awiri. Ngati ndalama zolipira pa foni sizilembedwa tsiku lomwelo, kasitomala amene analipira dzulo adzalandira kalata yomuopseza lero, ndipo sadzakwiyira kompyuta, adzakwiyira inu. Choncho igwireni ntchitoyo pamanja miyezi ingapo motsatira zimene munalemba m'kope muja. Chotsani masitepe opanda pake. Zotsalazo, zimene sizifuna kuganiza, monga kukopera manambala, kutumiza lisiti ndi kukumbutsa tsiku, ndizo mupereke kwa makina.

Chachinayi, ndipo apa mvetsetsani: ndondomeko iliyonse yodziyendetsa ikhale ndi poimira. Ku Japan, Sakichi Toyoda anamaliza mu 1924 makina oluka nsalu otchedwa Type G. Imodzi mwa nzeru zake zazikulu inali yoti ulusi umodzi ukaduka, makinawo amaima okha m'malo mopitiriza kuluka nsalu yowonongeka. N'chifukwa chake munthu mmodzi ankatha kuyang'anira makina ambiri mtima uli m'malo. Kampani ya magalimoto ya Toyota inatengera mfundo yomweyo m'mafakitale ake.

Zotsatira za kusowa poimira zinaoneka pa 1 Ogasiti 2012. Kampani ya ku America yogula ndi kugulitsa masheya, Knight Capital, inaika pulogalamu yatsopano pa makompyuta ake akuluakulu asanu ndi awiri, koma yachisanu ndi chitatu inatsala ndi yakale. Msika wa ku New York utatsegulidwa, kompyuta imeneyi inayamba kutumiza maoda mamiliyoni. M'mphindi pafupifupi 45, kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni. Msika usanatsegulidwe, makina omwewo anali atatumiza maimelo 97 osonyeza kuti china chalakwika, koma panalibe amene anachitapo kanthu. Chaka chotsatira kampaniyo inaphatikizidwa ndi ina.

Bizinesi yanu ndi yaing'ono, koma phunziro ndi lomwelo. Ndalama zisatuluke popanda munthu kuona ndi kuvomereza. Malipiro a mwezi uno akasiyana kwambiri ndi a mwezi watha, zinthu ziime kaye. Sapulaya akatumiza imelo yoti wasintha akaunti ya kubanki, muimbireni foni pa nambala imene mumaidziwa kale musanasinthe kalikonse, chifukwa akuba amalowera pomwepo. Ndipo uthenga wochenjeza upite kwa munthu mmodzi wotchulidwa dzina, osati ku gulu la pa WhatsApp kumene aliyense amaona koma palibe woyankha.

Palinso ntchito zimene ndi za pakamwa basi. Chikumbutso choyamba kwa wangongole chipite chokha, palibe vuto. Koma akapitirira osalipira, nyamulani foni kapena pitani komweko. Mwina kunyumba kwake kuli matenda, mwina naye akudikira kulipidwa ndi ena, mwinanso katundu munamutumizira anali woperewera. Zimenezi pulogalamu singazimve, ndipo kasitomala wa zaka khumi satayidwa chifukwa cha meseji youma.

Chachisanu, chimene mwakonzacho chikhale ndi mwini. Malamulo a msonkho amasintha bajeti ikawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo, mitengo imakwera, antchito amabwera n'kupita. Fomula ya mu Excel imene inali yolondola chaka chatha ikhoza kumadula msonkho wolakwika mwakachetechete kwa miyezi yambiri. Pakhale munthu amene miyezi itatu iliyonse amatenga malipiro a wantchito mmodzi, n'kuwawerengera ndi cholembera, kuti aone ngati akugwirizana ndi a kompyuta. Maakaunti ndi mapasiwedi akhale a kampani, osati a pa imelo ya mnyamata amene mawa apeza ntchito kwina. Werengeraninso mtengo: mapulogalamu ambiri akunja amalipitsa m'madola mwezi ndi mwezi, ndipo amafuna netiweki ndi magetsi. Tsiku limene zimenezi zasowa, kope lija ndi limene lidzakupulumutseni, bola mukhale kuti simunaiwale kagwiridwe ka pamanja.

Ena mumaopa kuti makina akulandani ntchito. Amene amangokopera manambala kuchoka pa pepala ili kupita pa linalo ali ndi chifukwa choopera. Koma amene akudziwa ntchito kuyambira poyambira mpaka pothera, wodziwa pamene imakonda kutsakamira ndi pamene pamafunika maso a munthu, bwana aliyense amamufuna, ndipo ndi yemweyo amapatsidwa udindo wokonza makinawo.

Choncho sabata ino, musanatsitse pulogalamu iliyonse, sankhani ntchito imodzi yobwera mwezi uliwonse. Ilembeni m'mizere inayi ija. Kenako mupatse mnzanu amene sanaigwirepo kuti aitsatire popanda kukufunsani. Pamene wakakamira, konzanipo. Akaimaliza yekha, ntchitoyo yakhwima, ndipo mutha kusankha mwanzeru zopatsa makina ndi zosunga m'manja mwanu.