Mawu a kukhonsolo oyenera kuwadziwa njerwa zisanagulidwe

Mpunga wa kudambo la Bwanje ukagulidwa bwino, kapena nsomba zikayenda malonda, ambiri pa Golomoti, pa Mua ndi pa Mtakataka amayamba kuganiza zomanga: golosale ya njerwa m'malo mwa benchi, chigayo, nyumba za lendi kapena karesitihausi. Chimene chimadya mpamba wa ambiri pamenepa ndi mapepala. Munthu amakhala ndi kalata ya amfumu, tikiti ya msika ndi laisensi ya bizinesi, n'kumati zonse zakwana, chonsecho pa mapepala atatuwa palibe limene likumuloleza kumanga.

Kale malamulo a mapulani ankagwira makamaka m'mizinda ndi m'matauni osankhidwa. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linasintha zimenezi. Tsopano dziko lonse la Malawi ndi planning area, kutanthauza dera limene zomanga ziyenera kutsata pulani. Golomoti ili m'gulu limodzi ndi Lilongwe, ndipo kofunsa ndi ku khonsolo ya boma la Dedza.

Mawu oyamba osokoneza ndi development. Ambiri akamva mawuwa amaganiza za chitukuko cha boma monga sukulu ndi mijigo. M'lamuloli, kumanga sitolo, kuwonjezera zipinda, kusintha ntchito ya malo ngakhale kugawa malo m'mapuloti, zonsezi ndi development, ndipo chilolezo chake chimatchedwa development permission. Nyumba yogona ikasanduka malo omwera mowa kapena chigayo, akukhonsolo amati ndi change of use. Munda ukadulidwa m'mapuloti ogulitsa, amati subdivision. Wogula puloti yodulidwa popanda chilolezo amadzazindikira mochedwa kuti pulani ya malowo inaikapo msewu kapena ngalande.

Koma mawu amene ayenera kukhala m'mutu mwa wamalonda aliyense wa kuno ndi road reserve. Malonda onse a pa Golomoti, pa Mua ndi pa Mtakataka amatsamira msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, ndipo aliyense amafuna khomo la sitolo yake liyang'ane pamene minibasi imaima. Msewu sumathera pa phula. Pa misewu ikuluikulu ya M, malo osungidwira msewu ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu. Malowa amayang'aniridwa ndi a Roads Authority, ndipo mfumu ilibe mphamvu yowagawa, ngakhale wogula atalipira pamaso pa mboni khumi. Tsiku lokulitsa msewu likafika, womanga m'menemo asadalire chipukuta misozi. Benchi ya tomato amainyamula n'kusuntha, koma sitolo ya simenti ndi malata imagwa ndi ndalama zake zonse. N'chifukwa chake tepi yoyezera iyenera kufika pamalopo ngolo ya njerwa isanafike, ndipo kuyeza kuyambire pa mzere wapakati pa msewu, osati m'mphepete mwa phula. Njanji yodutsa m'derali nayonso ili ndi malo ake osungidwa, chimodzimodzi pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, pamene amati wayleave.

Mapepala a umwini wa malo ndi nkhani ina. Malo ambiri m'dera la T/A Kachindamoto ndi a makolo. Lamulo la Customary Land Act la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo otere kuti akhale customary estate, kudzera ku komiti ya zamalo ya kwa gulupu. Wapampando wa komitiyi ndi agulupu, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Lease ndi kubwereka malo kwa zaka zotchulidwa kudzera ku unduna wa zamalo, pa ntchito yotchulidwa, n'kumalipira ground rent. Mapepala amenewa amanena za mwini malo. Za chomwe chingamangidwepo zimachokerabe ku khonsolo, kotero wokhala ndi title deed nayenso amapempha chilolezo.

Ofuna kumanga chakunyanja kapena m'mbali mwa mitsinje adzamva za buffer zone, malo osiyidwa pakati pa madzi ndi chomanga. Ena amaona ngati n'kuwononga malo abwino, koma amene anaona mmene nyanja inakwerera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo sangatsutse. Ntchito zazikulu ngati malo omwetsera mafuta zimafunanso kafukufuku wa zachilengedwe wotchedwa ESIA, amene amavomerezedwa ndi bungwe la MEPA. Wa okala wamba zimenezi sizimukhudza.

Womanga popanda chilolezo angalandire stop notice, kalata yolamula kuti ntchito iime pomwepo, kapena enforcement notice, yolamula kukonza cholakwikacho ngakhale kugwetsa. Kupitiriza kumanga usiku kalata itafika n'kungowonjezera simenti pa chinthu chodzagwa. Chanzeru n'kuwerenga masiku amene alembedwapo n'kupita kukhonsolo asanathe.

Wopita kukapempha chilolezo anyamule pepala la umwini wa malo, site plan yosonyeza pamene pali puloti, malire ake ndi msewu, komanso pulani ya nyumbayo. Kuchoka ku Mtakataka kukwera phiri mpaka pa boma la Dedza ndi ndalama, choncho ndi bwino kuyamba wafunsa zonse zofunika kuti ulendo ukhale umodzi. Ndalama iliyonse yolipira ituluke ndi lisiti ya khonsolo, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa ndi chodindidwa. Mawu apakamwa akuti "mangani, tidzakonza" sadzaimira munthu tsiku limene wolankhulayo adzasamutsidwe.