Tinaika sikelo ya BP tsiku la msika

Alimi anzanga, chaka chatha bambo wina wa fodya anagwa ali kumunda, mkono ndi mwendo n'kuferatu. Ngakhale mutu sunkamupweteka. BP imatero. Ndiye pachipatala chathu tinakhazikitsa tsiku loyeza kuthamanga kwa magazi, ndipo tinasankha la msika, poti mlimi amene akumva bwino m'thupi sasiya khasu chifukwa cha sikelo.

Munthu amayamba wapuma mphindi 5. Tikapeza 140/90 kapena kuposa, timamuyezanso tsiku lina tisanamulembe m'buku la olandira mankhwala.

Pamene timakangana ndi pamchere. Munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi uja mumasunsa kanyenya pachiwaya. Ndikatero abambo amayang'ana kumbali, amayi awo n'kumaseka.