Phunziro 14: Mitengo Ya M'tchire Ndi Ife A Mumzinda

Anzathu, abambo ndi amayi, phunziro lapita lija tinawerenga za kasungidwe ka mapira ndi chimanga m'nkhokwe. Lero tikambirana za mitengo imene palibe anaibzala, imene inamera yokha m'tchire.

Wina afunsa kuti, nanga ife okhala muno mu Filipe Samuel Magaia, pakati pa mzinda wa Tete, tchire likutikhudza bwanji? Tayang'anani pa mbaula. Makala amene aphikira nsima dzulo anali mtengo wamoyo mwezi wathawu, ku Changara, ku Marara kapena ku Moatize. Thabwa la chitseko, mpini wa khasu, mtondo ndi munsi, masau amene ana akutafuna popita kusukulu, zonsezi zachokera kutchire. Ndiponso ambiri a ife tili ndi munda kumudzi, kapena kadimba m'chigwa cha Nhartanda. Tsono nkhaniyi ndi yathu.

Tchire la m'chigwa

Chigawo chathu cha Tete chili ndi matchire a mitundu iwiri. Loyamba ndi la m'chigwa cha Zambezi, kuno kotentha, kumene mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limapitirira madigiri 40. Mvula kuno ndi yochepa. Mitengo ya kuno inazolowera ludzu.

Mtengo wochuluka ndi tsanya, umene pa Chipwitikizi amati chanate. Tsamba lake lili ndi mbali ziwiri ngati mapiko a gulugufe, ndipo dzuwa likakula limapindana kuti lisataye madzi. Ndi chifukwa chake pansi pa tsanya mthunzi ndi wochepa. Mtengowu ndi wolemera, chiswe sichiudya msanga, ndipo makala ake amakhalitsa pa mbaula. Ubwino wakewo ndi umene ukuuphetsa. Aliyense pa msika amafunsa makala a tsanya, koma tsanya amakula pang'onopang'ono. Wogwetsedwa m'mawa umodzi anatenga zaka makumi angapo kuti afike pamenepo.

Mlambe tonse timaudziwa. Ufa wa malambe timathira m'phala, ndipo uli ndi vitamini C wambiri. Masamba anthete ndi therere, khungwa ndi chingwe, m'mphako mumakhala njuchi. Maluwa ake oyera amatseguka usiku, ndipo mileme ndi zina mwa zolengedwa zimene zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Mu 2008 mayiko a ku Ulaya analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwawoko ngati chakudya, ndipo kuyambira pamenepo malambe ali ndi ogula ochokera kutali. Koma tafunsani nokha: mukamayenda pa msewu wa ku Changara mumaona milambe ikuluikulu yambiri, nanga ing'onoing'ono mumaiona ingati? Ndi yochepa ndithu. Mbuzi ndi ng'ombe zimaidya ikangomera. Nkhalamba zilipo, ana palibe.

Msau ndiwo mtengo wotchukitsa Tete. Masau amapsa m'nyengo yozizira. Timadya aawisi, timayanika, timasinja, ndipo pa msika wa Kwachena amagulitsidwa m'mabeseni ndi m'matumba. Mbuzi nazo zimatola masau ndi malambe ogwa pansi. Mu 2018 dzina la Cabrito de Tete linalembedwa m'kaundula wa boma, kuti nyama ya mbuzi za kuno idziwike padera ndi ya kwina. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakudya cha mbuzizo, ndicho udzu wa m'tchire, masau ndi malambe. Mukuona? Wodula msau wachepetsa mtengo wa mbuzi yake yomwe.

Tchire la kumtunda

Lachiwiri ndi la kumapiri, ku Macanga, Chifunde, Marávia ndi mbali zina za Angónia ndi Tsangano, kumene ambiri a ife olankhula Chinyanja tinachokera. Kumeneko kuli miombo, tsamba, mtondo, mlombwa ndi msuku. Masuku amapsa chakumapeto kwa chaka, nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi. Kuli maula, nthudza, mateme, mpoza ndi matowo. Mvula ikagwa kumatuluka bowa ndi matondo.

Za bowa tiimepo pang'ono. Bowa wina, monga ndelema ndi manyame, amakhala pamodzi ndi mizu ya miombo pansi pa nthaka. Mtengo umampatsa chakudya, iye amathandiza mtengowo kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka. Miombo ikadulidwa, bowa ameneyu amasowa, ngakhale mvula igwe bwanji. Amayi a ku Angónia akudziwa zimenezi. Kumene kale ankazula bowa kuseri kwa mudzi, lero amayenda ulendo wautali.

Malamulo a makolo

Makolo athu sanalembe buku, koma malamulo a tchire anali nawo. Polima mphanje sankagwetsa mtengo wa zipatso. Msuku, muula, bwemba, mkuyu ndi mfula zinkatsala chilili pakati pa munda, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi ankaloledwa kutola. Zipatso ankadikira kuti zipse. Wogenda zosapsa ankadzudzulidwa.

Sing'anga wodziwa ntchito yake ankasenda khungwa pang'ono mbali ya kum'mawa ndi pang'ono mbali ya kumadzulo, osazunguliza mtengo wonse. Akakumba muzu ankatenga umodzi n'kukwirira dzenje. Ena amati unali mwambo chabe. Komatu mtengo wosendedwa mozungulira umafa, chifukwa chakudya chake chimayenda m'khungwamo, pamene wosendedwa mbali ziwiri umapola. Lero pa misika timaona milu ya makungwa a muwawani ndi mizu yosiyanasiyana. Wogulitsa zambiri chotere sangatsate lamulo lija.

Kumanda ndi kudambwe nkhwangwa sinkalowa wamba. Mukafika m'midzi ina ya ku Angónia, kumene phiri lonse layera, mudzaona kachitsamba kamodzi ka mitengo italiitali. Musafunse, amenewo ndi manda. Mitengo imene inatha kwina konse yatsala mmenemo, ndipo mbeu zake zingatithandize kubwezera ina. Kuno kuchigwa, kwa Anyungwe ndi Atawara, kulinso nkhalango zimene anthu amazilemekeza chifukwa cha mizimu ya makolo, ndipo munthu sadulamo popanda kupempha.

Chikutha bwanji

Boma linawerengera kuti pakati pa 2003 ndi 2013 dziko la Mozambique linkataya mahekitala 267,000 a nkhalango chaka chilichonse. Gawani nambalayi ndi masiku 365. Mupeza mahekitala oposa 700 tsiku lililonse. Gawo lalikulu linatha ndi kutsegula minda yatsopano. Lina linapita ku makala, ku matabwa ndi ku moto. Kumtunda kulinso zigafa za fodya zimene zimadya mitengo chaka ndi chaka.

Amatabwa sasesa tchire lonse. Iwo amasankha mafumu a mitengo: mlombwa umene amati umbila, msambamfumu umene amati chanfuta, phingo, mondzo ndi nkula. Kwa zaka zambiri malole a zipika ankadutsa pa mlatho wathu kupita ku Beira, ndipo zambiri zinkakwera sitima kupita ku China. Kuyambira mu 2017 boma linaletsa kutumiza kunja zipika zosacheka, ndipo m'chaka chomwecho linachita chipikisheni chotchedwa Operação Tronco, nkulanda matabwa ambiri osaloledwa. Mu 2018 linaletsa kudula nkula ndi mondzo. Koma lole silidziwa njira ya kutchire lokha. Pamakhala mnyamata wa m'mudzi wolozera mtengo, wolandira kandalama kochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa chipikacho chikafika kudoko.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, nyumba za anthu zinakokoloka, ndipo mlatho wa pa njira ya ku Moatize unaduka. Mvula ija inali yoopsa, mitengo yokha sikadaletsa chigumula. Komabe Revúbuè amachokera kumapiri a Angónia, ndipo phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Limangowataya onse nthawi imodzi, pamodzi ndi dothi la m'minda.

Pano tisanamizane. Wowotcha makala si mdani. Ndi munthu amene mapira ake anapserera ndi dzuwa, ndipo ana akufuna chakudya ndi makope. Ifenso a mumzinda gasi ndi magetsi ophikira sitingakwanitse tonse. Kungonena kuti lekani makala ndi kulankhula kwa munthu wokhuta. Chofunika ndi chakuti tchire likhale ndi eni ake, odziwa kuti akasunga adzadyapo okha.

Zimenezi zinayesedwa muno m'chigawo chathu. Mu 1994 ku Bawa, m'boma la Mágoè, pafupi ndi malire a Zimbabwe ndi Zambia, kunayamba ntchito yotchedwa Tchuma Tchato, ndiye kuti chuma chathu. Inali yoyamba ya mtundu wotere m'dziko muno. Gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene alendo osaka nyama ankalipira linkabwerera kwa anthu a m'midzi, ndipo anthuwo anasankha alonda awoawo. Mavuto analipo, monga njovu zodya m'minda ndi ndalama zofika mochedwa. Mu 2013 mbali ina ya deralo inasanduka Parque Nacional de Mágoè. Lamulo la nthaka la 1997 linavomereza kuti mudzi uli ndi ufulu pa malo amene wakhalapo mwa mwambo. Pambuyo pa lamulo la nkhalango la 1999, boma linakhazikitsa kuti ndalama 20 pa 100 iliyonse ya msonkho wa odula matabwa izipita kwa anthu a kumene mitengoyo yadulidwa. Koma kuti ndalamayo ifike pankafunika komiti, mayina olembedwa ndi buku la ku banki. Mudzi wopanda wodziwa kulemba unkangomva kuti ndalama zinatuluka. Mwaona chifukwa chake timalimbikira kuti amayi nawonso aphunzire kusaina ndi kuwerenga nambala?

Ntchito ya m'munda

Kubzala mitengo kuno ku Tete n'kovuta. Mbande zimafuna kuthirira, ndipo mbuzi sizigona. Njira yapafupi ili kale m'munda mwanu. Ziputu za mitengo imene inadulidwa zambiri sizinafe. Mizu yake ndi yaitali, inafika kale pa chinyezi, ndipo chaka chilichonse zimatulutsa mphukira zimene ife timasadza posesa munda. Alimi a ku Niger, dziko louma kuposa lathu, anayamba kusunga mphukira zotere cha m'ma 1980, ndipo anabwezera mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Kachitidwe kake ndi aka. Yendani m'munda musanasose, musankhe ziputu za mitengo imene mukuifuna. Pa chiputu chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu. Zina zonse dulani ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Pa mphukira zotsalazo sadzani tinthambi ta m'munsi mpaka theka la msinkhu wake. Mangani kansanza pamenepo kuti ana ndi aganyu adziwe kuti mtengowu uli ndi mwini, ndipo zingani ndi minga chifukwa cha mbuzi. Bwererani pakapita miyezi ingapo mukasadzenso. Zimene mwasadzazo ndi nkhuni zanu. Musasiye mitengo yothithikana, ikhale motalikirana kuti mbeu zipeze dzuwa.

Mukapeza msangu m'munda, umenewo ndiye musaukhudze n'komwe. Mitengo ina imavala masamba m'dzinja, koma msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphukanso m'chilimwe. Motero suphimba mbeu, masamba ake amasanduka manyowa, ndipo nyemba zake ndi chakudya cha mbuzi ndi ng'ombe pamene udzu watha. Chimanga ndi mapira a pansi pa msangu amaoneka okha kubiriwira.

Wofuna kudzala mlambe ayambe wapala njere pa mwala pang'ono, kapena aiviike m'madzi otentha n'kuisiya usiku wonse, chifukwa chikopa chake ndi cholimba. Akatero aitchingire zaka zoyamba.

Moto ndiwo umapha mphukira zambiri kuposa nkhwangwa. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa ndipo mphepo ikuomba, umapsereza ndi mitengo yaikulu yomwe. Lambulani mozungulira munda ndi nkhalango ya mudzi mvula ikangotha. Ngati pafunika kutentha, mudzi upangane ndi a mfumu, mutenthe mu Meyi kapena mu Juni, madzulo, udzu usanaumitsitse. Osaka mbewa ndi ofula uchi auzidwe pa bwalo. Mng'oma wa khungwa nawo umapha mtengo wathunthu, bola wa matabwa.

Kwa abale athu owotcha makala tikuti: dulani m'munsi bwino kuti chiputu chiphukenso, siyani mitengo ya zipatso ndi ina yaikulu yogwetsa mbeu, ndipo yanikani nkhuni masabata angapo musanaunjike uvuni, popeza nkhuni zaziwisi zimatha ndi utsi. Ife a mumzinda tivundikire mphika pophika, tiviike nyemba usiku, ndipo tizime makala otsala m'malo mowasiya anyeke okha.

Zokambirana ndi zolemba

Khalani awiriawiri. Aliyense atchule mitengo isanu ya kwawo, mnzake alembe mayinawo m'kope. Pa mtengo uliwonse lembani ntchito yake, ndipo ikani mtanda pa umene wayamba kusowa. Amene mukudziwa dzina lake m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja lembani onse awiri.

Samu ya lero: tiyerekeze kuti banja limatha matumba 2 a makala pa mwezi. Pa chaka ndi matumba angati? Nanga mabanja 30 a m'kalasi muno?

Sabata yamawa aliyense abwere ndi njere kapena tsamba la mtengo umodzi wa m'tchire, ndipo afunse agogo kapena munthu wamkulu wa pafupi lamulo limene linkasunga mtengo umenewo.