Chenjerani ndi Akuba a pa Foni Nyengo ya Msika

Alimi anzathu, kale wakuba ankabwera usiku, kuboola chigafa ndi kusenza fodya. Wakuba wa lero amaba masanasana ali kutali, ndipo chida chake ndi foni. Phunziro lino ndi la inu nonse alimi olembetsedwa ndi inu olima m'maesiteti, makamaka amene mukusunga makolo okalamba.

Akubawa amakonda achikulire chifukwa m'mabanja ambiri dzina lolembetsedwa ndi la bambo kapena agogo, ndipo ndalama za mbewu zimadzera kwa iwo. Komanso makolo athu anakula ndi mwambo woti munthu wa ku ofesi satsutsidwa. Ena maso anafooka, ena sawerenga Chingerezi chimene mauthenga ambiri amabweramo.

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, akuba amadziwa kuti mlimi aliyense khutu lili ku foni. Munthu amaimba mwaulemu ndithu, kukutchulani dzina lanu lenileni, nati: “Bambo, mabelo anu agulidwa, koma ndalama zaima chifukwa kaundula wanu ali ndi vuto. Tatiwerengereni nambala ya chiphaso chanu tikonze.” Mukawerenga, amafunsa tsiku lobadwa. Kenaka amati mulandira uthenga wa manambala, muwawerengere msanga ofesi isanatseke.

Musanyengeke poona kuti akudziwa dzina lanu. Dzina si chinsinsi. Lili pa mndandanda wa kalabu, lili m'buku la ejenti wa pa msika, ndipo munthu akangoyerekeza kutumiza ndalama ku nambala yanu, dzina lanu limaoneka pa foni yake. Chimene wakubayo alibe ndi nambala yanu yachinsinsi, ija timati PIN, ndi manambala aja a mu uthenga. Zimenezi ndizo makiyi a ndalama zanu, ndipo n'chifukwa chake akukuimbirani. Wa ku banki weniweni, wa Airtel Money, wa TNM Mpamba kapena wa ku ofesi yolembetsa alimi safunsa PIN ya munthu, pa foni ngakhale pamaso. Wofunsa PIN ndi wakuba, kaya alankhule mokoma chotani.

Chiphaso cha unzika nachonso chisamalidwe. Boma linalemba anthu m'kaundula wa unzika mu 2017, mu 2018 manambala a foni anayamba kulembetsedwa ndi chiphasocho, ndipo mu 2020 feteleza wotsika mtengo anayamba kugulidwa poonetsa chiphaso chomwecho m'malo mwa makuponi. Choncho munthu amene wapeza dzina lanu, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso akhoza kuyesa kudzionetsa ngati inu, n'kutenga simu khadi yatsopano ya nambala yanu. Mukaona foni yanu yataya netiweki tsiku lonse pamene ya mnzanu wa kampani yomweyo ikugwira bwino, musadikire kuti zikonzeka zokha. Pitani ku shopu ya kampaniyo mutatenga chiphaso chanu.

Njira zina n'zodziwika kale. Wina amati watumiza ndalama molakwitsa, mum'bwezere. Musakhulupirire uthengawo, yambani mwaona ndalama zotsala mu foni mwanu, pa *211# ngati ndi Airtel Money, pa *444# ngati ndi Mpamba. Wina amati mwana wanu wa ku Joni wagwidwa panjira, mutumize ndalama zomuombolera. Muimbireni mwanayo pa nambala imene mumaidziwa. Wina amati mwapambana mpikisano umene simunalowe n'komwe.

Pa njira zonsezi mudzaona kuti woimbayo amakufulumizani, ndiponso amakuletsani kuuza munthu wina. Mukamva zimenezi dulani foni. Si mwano ayi. Ngati nkhaniyo ndi yoona siionongeka chifukwa chogona usiku umodzi. M'mawa mwake kafunseni mlangizi wa zaulimi, wapampando wa kalabu, kapena pitani nokha ku banki. Inu a m'maesiteti, nkhani ya malipiro ndi ngongole ya zipangizo muzikamba pamaso ndi mwini esiteti kapena kalaliki wake, mabuku ali potsegula. Mlendo wa pa foni amene akuti watumidwa ndi abwana asakupatseni nambala yachilendo yoti mutumizeko ndalama.

Kanthu kena n'kovuta kunena, koma tinena. Agogo ambiri amapereka foni ndi PIN kwa aliyense wopezeka pafupi kuti awatapire ndalama. Banja lisankhe munthu mmodzi wodalirika, ndipo potapa agogowo azikhalapo. PIN isakhale chaka chobadwa, poti chinalembedwa pa chiphaso, ndipo isalembedwe kuseri kwa foni.

Ngati mwaulula kale, musabise chifukwa cha manyazi. Akubawa apusitsapo aphunzitsi ndi amalonda omwe. Tsiku lomwelo sinthani PIN, dziwitsani banki ndi kampani ya foni, ndipo kaneneni ku polisi. Musafufute uthenga kapena nambala imene inakuimbirani, pakuti apolisi adzazifuna.

Alembi a makalabu akupemphedwa kuwerenga phunziroli mokweza pa msonkhano wotsatira, mabelo oyamba asanakwere galimoto, ndi kutuma achinyamata awiri kukalifotokoza kwa achikulire amene sanathe kufika.